Mmene mungasankhire purosesa yatsopano ya kompyuta yosewerera magemu

Gemu ikayamba kudukizadukiza, makamaka pamene adani achuluka pa sikirini kapena galimoto yalowa m'kati mwa mzinda wodzaza anthu, ambiri amathamangira kunena kuti purosesa yakalamba, ndipo amayamba kufunsa mitengo asanaone n'komwe chimene chikuchitika m'kati mwa kompyutayo. Nthawi zina amakhala akunena zoona, koma pali ambiri amene anataya ndalama zochuluka kugula purosesa yamphamvu, n'kupeza kuti gemu ikuyenda monga mmene inkayendera kale. Choncho ntchito yosankha purosesa imayamba ndi kuyeza kompyuta imene muli nayo, kenaka kudziwa bolodi yake (motherboard, pamene purosesa ndi zipangizo zina zonse zimalumikizidwa), ndipo mayina a mapurosesa ndi mitengo yake zimabwera pambuyo.

Tsimikizani kaye kuti vuto ndi purosesa

Chithunzi chilichonse chimene mumaona mu gemu chimadutsa m'zipangizo ziwiri. Purosesa imawerengera kumene kuli wosewera aliyense, kumene mpira kapena chipolopolo chikulowera, zimene adani akufuna kuchita ndi zimene mwadina pa kiyibodi, kenaka imatumiza malangizo ku graphics card, khadi limene limajambula chithunzicho n'kuchiponya pa sikirini. Ziwirizi zili ngati ng'ombe ziwiri zokoka ngolo imodzi: ngakhale ina ikhale yamphamvu chotani, ngolo imayenda pa liwiro la yofookayo, ndipo kusinthanitsa yamphamvuyo ndi ina yamphamvu koposa sikufulumizitsa ulendo.

Kuti mudziwe yofooka, ikani pulogalamu ya MSI Afterburner pamodzi ndi RivaTuner Statistics Server, imene imabwera nayo limodzi. Ziwirizi n'zaulere, ndipo zimagwira ntchito ngakhale khadi lanu lisakhale la MSI. Zikonzeni kuti zizionetsa pakona ya sikirini zinthu izi pamene mukusewera: mafelemu (zithunzi) pa sekondi, amene osewera amangoti FPS, kuchuluka kwa ntchito imene khadi la zithunzi likugwira, kutentha kwa purosesa ndi kwa khadi, ndiponso RAM (memore yosungira deta kwa kanthawi) imene ikugwiritsidwa ntchito. Zimitsani V-Sync ndi china chilichonse choika malire pa mafelemu, kenaka pitani pamalo penipeni pamene gemu imakuvutani, osati pamalo opanda anthu pamene chilichonse chimayenda bwino, ndipo mulembe manambala amene mukuona.

Nambala yofunika kuiyang'anitsitsa ndi ya khadi la zithunzi. Ikamakhala pakati pa 95 ndi 99 peresenti nthawi zonse, ndiye kuti khadilo ndi limene lafika pamapeto a mphamvu zake, ndipo purosesa yatsopano sidzasintha zambiri. Koma ikamatsika kufika pa 60 kapena 70 peresenti pamene mafelemu nawonso akutsika, khadilo likungodikira malangizo, ndipo amene akuchedwetsa zinthu ndi purosesa kapena RAM. Nambala ya purosesa imene Task Manager imaonetsa musaikhulupirire kwambiri, chifukwa imaphatikiza pamodzi ma core onse, timagawo ta purosesa timene timagwira ntchito patokhapatokha. Gemu ikhoza kupanikiza core imodzi mpaka kumapeto pamene enawo akungokhala, ndipo nambala ya onse pamodzi n'kumaoneka ngati 30 peresenti basi, chonsecho purosesayo yalephera kale.

Pali njira ina yosavuta yotsimikizira zomwezi. Tsitsani resolution ya gemu, kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, kufika pa 720p ndipo muchepetse ubwino wa zithunzi. Mwapeputsira khadi ntchito, ndiye ngati mafelemu akwera kwambiri, vuto linali khadi. Ngati angokhala pomwepo, ndiye kuti nambala imene mukuionayo ndi malire a purosesa yanu mu gemu imeneyo, ndipo ngakhale mutagula khadi lodula chotani simungaipitirire.

Musangoyang'ana avareji ya mafelemu. Gemu yoyenda pa mafelemu 60 pa sekondi imapereka chithunzi chatsopano pa mamilisekondi pafupifupi 16.7 alionse, ndipo chithunzi chimodzi chokha chikachedwa kuwirikiza katatu kapena kanayi, diso limaona kudukiza ngakhale avareji ikhalebe yooneka bwino. N'chifukwa chake oyesa zipangizo amalembanso nambala imene amaitcha 1% low, yoonetsa mmene gemu imayendera pa nthawi zake zoipitsitsa. Purosesa yabwino imaonekera kwambiri pa nambala imeneyi, ndipo kwa ine imeneyi ndi imene iyenera kukuuzani ngati ndalama zanu zagwira ntchito.

Musanagamule kuti purosesa ndi yolakwa, chotsani kaye zifukwa zina zotchipa kukonza. Fumbi likadzaza m'choziziritsa, kapena thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsa, ikauma, purosesa imatentha n'kudzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka ngati kompyuta imakhala pansi, pafupi ndi khomo. Ngati muli ndi RAM imodzi yokha m'malo mwa ziwiri, purosesa imalandira deta kudzera m'njira imodzi pamene ikanatha kugwiritsa ntchito ziwiri, ndipo kuwonjezera yachiwiri yofanana nayo kumachepetsa kudukiza pa mtengo wochepa. RAM ya 8GB siikwaniranso magemu ambiri atsopano. 16GB ndi poyambira. Palinso kuchedwa kobwera chifukwa cha intaneti, kumene anthu amakusokoneza ndi kufooka kwa kompyuta. Amene akusewera ali ku Lilongwe kapena ku Chipata amalumikizana ndi maseva a ku South Africa kapena ku Ulaya, ndipo ngati mafelemu ali bwinobwino koma mdani akuoneka ngati akudumphadumpha, vuto ndi ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera, ndipo palibe purosesa imene ingathetse zimenezo.

Sikirini nayo ili ndi mawu. Ya 60Hz siingaonetse zithunzi zoposa 60 pa sekondi, choncho ngati purosesa yanu ikukwanitsa kale nambala imeneyi popanda kudukiza, phindu la yatsopano simudzaliona mokwanira mpaka mutagula sikirini ya 144Hz kapena kuposa apo.

Bolodi ndi imene imalamula

Mukatsimikiza kuti purosesa ndi imene ikufooka, funso lotsatira si lakuti yamphamvu kwambiri pamsika ndi iti, koma lakuti motherboard yanu ingalandire ziti. Ikani CPU-Z, pulogalamu ina yaulere, ndipo mulembe papepala dzina la purosesa imene ilimo, soketi yake (malo a pa bolodi pamene purosesa imalowa), dzina lonse la bolodi, chipset (kachipangizo koyang'anira bolodi) ndi nambala ya BIOS (pulogalamu ya m'bolodi imene imayatsa kompyuta). Mabolodi ena, makamaka a Gigabyte, amakhala ndi dzina limodzi koma anatuluka m'mitundu ingapo, ndipo nambala yosiyanitsa, monga rev. 1.0 kapena rev. 2.0, imalembedwa pakona ya bolodiyo, choncho tsegulani bokosi muione ndi maso. Kenaka pitani pa webusaiti ya kampani imene inapanga bolodiyo, kaya ndi ASUS, MSI, Gigabyte kapena ASRock, mufufuze mndandanda wa mapurosesa amene bolodiyo imalandira. Mndandandawo umatchulanso BIOS yoyambira imene purosesa iliyonse imafuna. Purosesa imene palibe pa mndandanda umenewu musaigule, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ilowa.

Kulowa m'soketi ndi kugwira ntchito n'zosiyana, ndipo chitsanzo chodziwika bwino ndi soketi ya Intel ya LGA1151. Mapurosesa a m'badwo wa 6 ndi 7 amagwira ntchito pa mabolodi a chipset za 100 ndi 200, pamene a m'badwo wa 8 ndi 9 amafuna chipset za 300, chonsecho soketi imaoneka chimodzimodzi ndipo dzina lake ndi lomwelo. Munthu amene ali ndi Core i5-7400 pa bolodi ya H110 akhoza kugula Core i7-8700, n'kuilowetsa bwinobwino, koma kompyuta osayaka. Soketi yotsatira, LGA1200, inali ya m'badwo wa 10 ndi 11, komabe mabolodi a H410 ndi B460 salandira m'badwo wa 11. LGA1700 inakhalitsako, pakuti inayamba ndi m'badwo wa 12 mu 2021 n'kulandiranso wa 13 mu 2022 ndi wa 14 mu 2023, ndipo mabolodi ake ena ndi a RAM ya mtundu wa DDR4 pamene ena ndi a DDR5, koma bolodi ya DDR4 siingalandire DDR5. Mu 2024 Intel inasamukira ku LGA1851 ndi mapurosesa a Core Ultra 200S, amene amafuna DDR5 yokha.

Kumbali ya AMD zinthu zinayenda mosiyana, ndipo amene ali ndi soketi ya AM4 ali ndi mwayi waukulu. Ryzen yoyamba inatuluka pa soketi imeneyi mu 2017, ndipo soketi yomweyo inapitiriza kulandira Ryzen 2000, 3000 mpaka 5000. Mu 2022 AMD inalola kuti ngakhale mabolodi akale a A320, B350 ndi X370 alandire Ryzen 5000 kudzera mu BIOS yatsopano, kutanthauza kuti kompyuta imene inagulidwa ndi Ryzen 5 1600 ikhoza kudumpha mibadwo ingapo popanda kusintha bolodi kapena RAM. Soketi yatsopano, AM5, inabwera mu 2022 ndi Ryzen 7000, imafuna DDR5 yokha, ndipo AMD inalengeza kuti idzapitiriza kuitulutsira mapurosesa mpaka 2027 kapena kupitirira apo.

Makompyuta a m'maofesi, monga Dell OptiPlex ndi anzake a HP ndi Lenovo, amene ambiri kuno amagula ogwiritsidwapo kale ntchito n'kuikamo khadi la zithunzi, amafuna kusamala mwapadera. BIOS yake imalandira mapurosesa ochepa, ndipo bolodi ndi power supply, chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta, kawirikawiri zimakhala za mapangidwe a kampaniyo yokha. Kuchoka pa i3 kapena i5 kupita pa i7 ya m'badwo womwewo kumatheka nthawi zambiri, koma kupitirira apo n'kovuta. Za laputopu tisachedwe nazo: pafupifupi zonse za masiku ano zili ndi purosesa yowotcherera pa bolodi, ndipo siisinthika.

Manambala othandiza ndi osocheretsa

Dzina lakuti i7 kapena Ryzen 7 palokha silinena zambiri ngati simunaone m'badwo. Core i7-4770 ya mu 2013 ili ndi ma core 4 ndi ma thread 8, chimodzimodzi ndi Core i3-12100 ya mu 2022, koma i3 imeneyi imaisiya i7 ija kutali m'magemu, chifukwa core iliyonse yatsopano imamaliza ntchito yambiri pa nthawi yofanana. N'chimodzimodzinso ndi GHz, nambala ya liwiro la purosesa: imathandiza poyerekeza mapurosesa awiri a m'badwo umodzi, koma poyerekeza a mibadwo yosiyana, kapena Intel ndi AMD, imasocheretsa. Ogulitsa makompyuta akale amakonda kufuula kuti ndi i7 osatchula m'badwo, ndipo inu muzifunsa nambala yonse.

Pa nkhani ya ma core, magemu ambiri amadalira ma core ochepa othamanga kwambiri kusiyana ndi ambiri oyenda pang'onopang'ono. Ma core 6 a m'badwo watsopano amakwanira pa magemu ochuluka, 8 amapereka mpata wopumira, ndipo opitirira apo amapindulira munthu amene amakonzanso mavidiyo kapena kugwira ntchito zina zolemera pa kompyuta yomweyo. Kulipirira ma core 16 chifukwa cha magemu okha n'kuwononga ndalama imene ikanapita ku khadi la zithunzi. Samalaninso ndi mmene Intel imawerengera kuyambira m'badwo wa 12, pamene inayamba kusakaniza ma core amphamvu, otchedwa P-core, ndi ang'onoang'ono osunga magetsi, otchedwa E-core. Core i5-13400F imalembedwa kuti ili ndi ma core 10, koma amphamvu ndi 6, ndipo amenewo ndi amene gemu imadalira kwambiri.

Nambala imene ambiri saiyang'ana, chonsecho m'magemu ndi yofunika zedi, ndi L3 cache. Kameneka ndi kamemore kothamanga kwambiri kamene kali m'kati mwa purosesa momwemo. Deta imene purosesa ikufuna ikapezeka mu cache, ntchito imapitirira pompopompo, koma ikapanda kupezeka, purosesa imayenera kukaitenga ku RAM, komwe n'kutali, ndipo nthawi yodikirayo ndi imene imabala kudukiza. Magemu amabwerezabwereza kufuna deta yomweyo, ndiye cache ikakula amapindula kwambiri kuposa mapulogalamu ena ambiri. Apa ndi pamene AMD inapezera mbiri ndi mapurosesa a X3D. Ryzen 7 5800X3D ya mu 2022 inali ndi L3 ya 96MB, kuwirikiza katatu 32MB ya Ryzen 7 5800X, ndipo ngakhale GHz yake inali yotsikirapo, inkaiposa 5800X m'magemu ambiri. Pambuyo pake panabwera 7800X3D mu 2023 pa AM5, 5700X3D kumayambiriro kwa 2024 pa AM4, ndi 9800X3D kumapeto kwa 2024.

Cache yomweyi ndi imene imasiyanitsa mapurosesa ena amene mayina awo amafanana mpaka kusokoneza. Ryzen 5 5600 ili ndi 32MB, pamene Ryzen 5 5600G ndi Ryzen 5 5500 zili ndi 16MB yokha ndipo zimathera pa PCIe 3.0, mtundu wakale wa njira yolumikizira khadi la zithunzi. Ngati muli kale ndi khadi la zithunzi, 5600 yopanda chilembo kumapeto ndi imene mukufuna. Chilembo cha G chimatanthauza kuti purosesayo imatha kujambula yokha zithunzi, zomwe zimathandiza munthu amene alibe khadi. Kwa Intel, F imatanthauza kuti popanda khadi simuona kanthu pa sikirini, ndipo K imatanthauza kuti mungathe kuiwonjezera liwiro, koma zimenezi zimafuna bolodi ya chipset ya Z ndi choziziritsa champhamvu, zomwe zimakweza mtengo kuposa phindu limene osewera ambiri amapeza.

Powerenga kapena kuonera zotsatira za oyesa zipangizo, kumbukirani kuti iwo amagwiritsa ntchito khadi lamphamvu kwambiri, monga RTX 4090, pa 1080p, n'cholinga choti kusiyana kwa mapurosesa kuonekere. Ngati inu muli ndi GTX 1660 Super kapena RX 6600, kusiyana kumeneko kudzachepa kwambiri, ndipo pa 1440p kapena 4K kudzachepanso. Yang'anani zotsatira za magemu amene inuyo mumasewera. Counter-Strike 2, Valorant ndi Fortnite, pamene osewera amafuna mafelemu ochuluka zedi, komanso Microsoft Flight Simulator ndi magemu omanga mizinda, amapanikiza purosesa kwambiri, pamene magemu a nkhani okhala ndi zithunzi zolemera amatsamira pa khadi.

Kusintha purosesa yokha kapena zonse

Apa ndi pamene ndalama zimapulumukira kapena kutayikira. Ngati muli pa AM4 ndi Ryzen 5 1600, 2600 kapena 3600, ine ndingakulangizeni kuti mukhale pomwepo ndi kugula Ryzen 5 5600, kapena ya X3D ngati mwaipeza pa mtengo woyenera. Bolodi, RAM ndi Windows zimakhala zomwezo, ndipo kusintha kumene mumaona, makamaka pochoka pa 1600 kapena 2600, n'kwakukulu. Amene ali kale ndi 5600 kapena 5700X asinthe pokhapokha ngati kuyeza kuja kwaonetsa poyera kuti purosesa ikulepheradi, ndipo akatero apite pa X3D basi, chifukwa kuchoka pa 5600 kupita pa 5800X kapena 5900X sikusintha zambiri m'magemu.

Pa LGA1700, amene ali ndi Core i3-12100F akhoza kukwera pa i5-12400F kapena i5-13400F mosavuta. Kupitirira apo muyenera kuyang'ana bolodi. Pafupi ndi soketi pali zipangizo zotchedwa VRM, zimene zimatsitsa magetsi a 12V kufika pa mlingo umene purosesa imafuna, ndipo pa mabolodi otchipa a H610 zipangizozi zimakhala zochepa, nthawi zambiri zopanda chitsulo choziziritsira. Core i7-14700K ndi i9-14900K zimaloledwa kukoka mpaka 253W, ndipo bolodi yotere ikhoza kuzilandira pa mndandanda koma n'kumatentha mpaka kutsitsa liwiro, ndiye inu mwalipirira mphamvu imene simudzaiona. Dziwaninso kuti mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka okoka magetsi ambiri, ankawonongeka pang'onopang'ono chifukwa cha voteji yokwera. Kampaniyo inatulutsa microcode yokonza vutoli kudzera mu BIOS ndipo inawonjezera zaka ziwiri pa waranti, koma purosesa imene inawonongeka kale siichira ndi BIOS yatsopano. Pa chifukwa chimenechi, i7 kapena i9 ya mibadwo imeneyi yogwiritsidwapo kale ntchito, yopanda lisiti, ine sindingaigule.

Amene ali ndi Intel ya m'badwo wa 7 kapena yakale kuposa apo afika pamapeto a msewu. I7 imene bolodi yawo ingalandire kawirikawiri ili ndi ma core 4 okha, ndipo mapurosesa amenewa, pamodzi ndi Ryzen 1000, pafupifupi onse sali pa mndandanda wa amene Windows 11 imavomereza, pamene Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Pamenepa ndalama zisungidwe kuti mudzagule purosesa, bolodi ndi RAM pamodzi, ndipo posankha, funsani kuti soketi yatsopanoyo idzalandirabe mapurosesa ena m'tsogolo kapena ayi.

Powerengera mtengo, lembani zonse. Kusamukira ku AM5 kapena LGA1851 kumatanthauza kugula DDR5, ndipo kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse, zomwe zinachititsa kuti kukhala pa bolodi yakale kukhale kwanzeru koposa kale. Ryzen 5 5600 ya m'bokosi imabwera ndi choziziritsa chake cha Wraith Stealth, koma mapurosesa a X3D ndi a K a Intel amabwera opanda. Zoziziritsa zambiri za AM4 zimakwananso pa AM5, koma za masoketi akale a Intel zimafuna zomangira zatsopano kuti zikhale bwino pa LGA1700. Onaninso mphamvu ya power supply yanu ndi zingwe zake za purosesa. Kwa amene amaitanitsa katundu kuchokera ku Johannesburg, Dubai kapena ku China, kapena kudzera mwa achibale a ku Britain, onjezerani mtengo wotumizira ndi msonkho, ndipo muganizirenso kuti chipangizo chikakana kugwira ntchito, kuchibweza n'kovuta komanso kodula. Chifukwa chimenechi chokha n'chokwanira kuti muwerenge mndandanda wa bolodi uja kawiri.

Purosesa yogwiritsidwapo kale ntchito si yoopsa payokha, chifukwa ndi chimodzi mwa zipangizo zosawonongeka msanga. Ya AM4 ili ndi timapini kunsi kwake, ndiye ipendekeni pa kuwala muone ngati mizere yonse ili yowongoka ndipo palibe kapini kothyoka. Ya Intel ndi ya AM5 kunsi kwake n'kosalala, timapini tili pa bolodi, choncho yang'anani ngati palibe popserera kapena pokalika. Pemphani kuti aiike m'kompyuta mukuona, ndipo CPU-Z itsimikize dzina lake, chifukwa pali akathyali amene amasintha chivundikiro chapamwamba kapena zolembedwapo. Imene yalembedwa ES kapena Intel Confidential ndi yoyesera ya kufakitale, siinapangidwire kugulitsa, ndipo isiyeni.

Tsiku loika

Yambani ndi BIOS purosesa yakale ikadali m'malo mwake, chifukwa mukaika yatsopano pa BIOS imene siikuidziwa, sikirini idzangokhala yakuda. Werengani zimene kampani yalemba pambali pa BIOS iliyonse, pakuti mabolodi ena akale amafuna kuti mudutse kaye pa BIOS yapakati, ndipo pa ena BIOS yatsopano imachotsa mapurosesa ena akale pa mndandanda. Mabolodi ena ali ndi batani kumbuyo, limene ASUS imalitcha BIOS Flashback ndipo Gigabyte imalitcha Q-Flash Plus, lolola kuika BIOS kuchokera pa flash ngakhale popanda purosesa. Magetsi akazima ntchitoyi ili m'kati, bolodi ikhoza kufa, ndipo poti kuno magetsi amatha kuzima nthawi iliyonse, lumikizani kompyuta ku UPS kapena inveta yodzaza bwino, ngakhale yobwereka.

Musanazimitse kompyuta, onani ngati BitLocker kapena Device Encryption, njira ya Windows yokhoma disiki ndi kiyi, ndi yoyatsidwa. Pa makompyuta ambiri TPM, mbali yosunga makiyi a chitetezo, imagwirizana ndi purosesa kapena BIOS, ndipo zimenezi zikasintha, Windows ikhoza kufuna kiyi ya manambala 48 isanatsegule disiki. Imitsani kaye BitLocker, kapena mulembe kiyiyo kuchokera mu akaunti yanu ya Microsoft, ndipo mukumbukirenso pasiwedi ya akauntiyo, chifukwa PIN ikhoza kukana.

Ngati muli pa AM4, sewerani gemu kwa mphindi zochepa musanazimitse kuti thermal paste yakale ifewe. Mukamasula zomangira, potozani choziziritsa pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere musanachikweze. Mukachikoka molunjika paste itauma, purosesa imazuka pamodzi nacho soketi ikadali yotseka, ndipo timapini timapindika. Zulani chingwe cha magetsi kukhoma, gwirani chitsulo cha bokosi kuti muchotse magetsi a m'thupi, ndipo purosesa muziigwira m'mbali mokha. Pakona imodzi pali kachizindikiro ka makona atatu kamene kayenera kuyang'anizana ndi kanzake ka pa soketi. Ikakhala molondola imatsika yokha, ndipo ngati ikufuna kukankhidwa ndiye kuti yatembenuzika. Pa soketi ya LGA, monga ya Intel ndi ya AM5, musakhudze timapini ta pa bolodi ngakhale ndi nsalu. Pukutani paste yakale ndi isopropyl alcohol, ikani kadontho katsopano ka mamilimita 4 kapena 5 pakati, matulani kapulasitiki kamene kamamatidwa kunsi kwa choziziritsa chatsopano, mangani masikuluwu mopingasa pang'onopang'ono, ndipo chingwe cha fani chilowe pamene palembedwa CPU_FAN.

Poyatsa koyamba musachite mantha ikachedwa. Mabolodi a DDR5, makamaka a AM5, amatha kukhala mphindi zingapo sikirini ili yakuda pamene akuyesa RAM. Ikayaka, lowani mu BIOS mukayatsenso XMP kapena EXPO, zimene zimachititsa RAM kuyenda pa liwiro lake lonse, chifukwa zimazima BIOS ikasinthidwa, ndipo RAM ya 3200 imabwerera pa 2133 kapena 2400 popanda kukuuzani. Onaninso kuti TPM ndi Secure Boot n'zoyatsidwa, pakuti Valorant pa Windows 11 imakana kutseguka popanda zimenezi. Mukalowa mu Windows, ikani madalaivala atsopano a chipset kuchokera ku AMD kapena Intel.

Kenaka bwererani pamalo omwe aja mu gemu, ndi makonzedwe omwe aja, muyerekeze avareji, 1% low ndi ntchito ya khadi ndi zimene munalemba poyamba. Yang'ananinso kutentha mu pulogalamu ya HWiNFO mutasewera kwa ola lathunthu. Malire a Ryzen 7 5800X3D ndi madigiri 90, a Ryzen 7000 zopanda X3D ndi 95, ndipo a Intel za LGA1700 ndi 100. Ryzen 7000 za X zinapangidwa kuti zizifika pa malire awo pa ntchito yolemera, koma ngati purosesa iliyonse ikukhala pa malire m'gemu wamba, masulani choziziritsa muone ngati chakhala bwino. Purosesa yakale musafulumire kuigulitsa; isungeni sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa kompyuta ikayamba kuzima yokha, kuibwezeramo ndi njira yachangu yodziwira ngati vuto lili mu purosesa yatsopano, mu RAM kapena mu bolodi.